Aphunzitsi Atatu a pa Benchi la ku Luanda

Madzi a mtsinje wa Shire akayamba kuphwera m'dera la Mfumu Nyachikadza, m'boma la Nsanje, ntchito ziwiri zimayambika pafupifupi tsiku limodzi. Akuluakulu amatsikira kudimba ndi makasu awo kukabzala chimanga ndi mbatata m'nthaka yachonde imene madzi asiya. Anyamata nawonso amafunafuna malo ouma ndi osalala, nazika mitengo inayi, iwiri uku iwiri uko, ndipo pomwepo bwalo la mpira latheka. Mpira wake ndi wachikulunga, womangidwa ndi mapepala apulasitiki ndi zingwe. Nsapato palibe amene wavala. Ndipo mlandu wa chigoli chokayikitsa amaugamula ndi yemwe ali ndi mawu okweza kuposa anzake.

Dera limeneli lili kutsidya kwa Shire, moyandikana ndi dziko la Mozambique, ndipo munthu wochokera ku boma la Nsanje salifika popanda bwato. Madzi osefukira si mlendo kumeneko. M'mwezi wa Januwale 2015 adamiza midzi ndi minda, ndipo m'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy adabweretsanso chionongeko m'chigwa chonse. Bwalo limene anyamata alambula chaka chino, chaka chamawa likhoza kukhala njira ya mabwato. Komabe maina a akatswiri a mpira amawoloka mtsinjewo pa wailesi popanda kulipira wopalasa, kotero kuti mwana wa kwa Nyachikadza amadziwa bwino lomwe amene wamwetsa chigoli ku Blantyre kapena ku Lilongwe madzulo a Loweruka.

Chimene mwanayo samva kawirikawiri ndi mbiri ya anthu okhala m'mbali mwa bwalo, amene mpira saugunda koma ndiwo amasenza mlandu timu ikagonja. M'Chichewa munthu wotereyu ali ndi dzina limodzi ndi uja wogwira choko m'kalasi: onse ndi aphunzitsi. Muyeso wa ntchito yawo nawonso ndi umodzi, pakuti mphunzitsi amadziwika ndi zimene ophunzira ake adzachita iye atachokapo. Mbiri ya amuna atatu, a Kinnah Phiri, a Young Chimodzi ndi malemu a Jack Chamangwana, amene adatsogolera pamodzi timu ya dziko lino ya Flames m'zaka za pakati pa 2008 ndi 2013, ikuonetsa zimenezi poyera.

Ngongole ya zaka 26

Pa 5 Malichi 1984, mumzinda wa Bouaké m'dziko la Ivory Coast, timu ya Malawi idalowa m'bwalo kukasewera kwa nthawi yoyamba mu ndime yotsiriza ya mpikisano wa Africa Cup of Nations. Idakumana ndi Algeria, timu imene zaka ziwiri m'mbuyomo idadabwitsa dziko lonse lapansi pogonjetsa West Germany 2-1 pa mpikisano wa World Cup ku Spain. Amalawi adagonja 3-0. Adalimbikira pa masewero achiwiri nalepherana mphamvu ndi Nigeria 2-2, koma Ghana idawagonjetsa 1-0, ndipo ulendo udathera pomwepo. M'gulu la osewera amene adakwera ndege yobwerera kumudzi mudali a Chamangwana ndi a Chimodzi.

Padapita zaka 26 Malawi isadaonekenso pa mpikisanowo. Ana adabadwa, nakula, nakwatira, osaionapo timu ya dziko lawo pakati pa zimphona za mpira mu Africa. Tsono pa 11 Januwale 2010, mumzinda wa Luanda ku Angola, Flames idalowanso m'bwalo, ndipo timu yoyamba kukumana nayo idali yomwe ija, Algeria. Tsiku limenelo a Chamangwana ndi a Chimodzi sadavale nsapato za mpira. Adakhala pa benchi pamodzi ndi a Kinnah Phiri, mphunzitsi wamkulu. Pamene woyimbira adaliza wezulo yotsiriza, zigoli zidali 3-0 monga kale lija, koma ulendo uno zili kumbali ya Malawi.

Kuti munthu amvetse m'mene ngongoleyo idabwezedwera, ayenera kubwerera m'mbuyo kufikira m'kalasi imene amuna atatuwa adaphunziramo.

Kalasi ya Bambo Powell

Bambo Ted Powell adabadwira mumzinda wa Sheffield ku England m'chaka cha 1940. Ntchito imene adaiphunzira idali ya uphunzitsi wa sukulu, ndipo mpira ankausewera mosalandira malipiro. Adasewerera matimu a Sutton United ndi Wycombe Wanderers, nasankhidwanso kulowa m'timu ya England ya osewera osalipidwa. Adafika m'Malawi m'chaka cha 1977, ndipo adakhala mphunzitsi wa timu ya dziko lino kufikira 1983.

Zipatso sizidachedwe. M'mwezi wa Novembala 1978 Malawi idalandira alendo a mpikisano wa East and Central Africa Senior Challenge Cup, ndipo pa masewero otsiriza pa bwalo la Kamuzu Stadium mu Blantyre idagonjetsa Zambia 3-2 nitenga chikhocho kwa nthawi yoyamba. Munthu akadatha kunena kuti mwayi udali wosewerera pakhomo, koma chaka chotsatira timuyo idapita ku Nairobi nigonjetsa eni bwalo, Kenya, ndi zigoli 3-2, ndipo chikho chidabwereranso kumudzi.

Komatu chuma chachikulu chimene Bambo Powell adasiya m'dziko muno chidaposa zikho ziwirizo. Iwo adapatsidwa zaka 6, ndipo mphunzitsi aliyense adziwa kusiyana kwa kulandira kalasi kwa teremu imodzi ndi kuyenda nayo kuchokera Sitandade 3 kufikira Sitandade 8. M'zaka zoterezi mphunzitsi amazindikira mwana wofooka pa masamu ndi mwana wofooka mtima, amaona cholakwa chikamayamba, ndipo amakhala ndi nthawi yochikonza, kubwereza ndi kukonzanso. A Kinnah adawapeza ali kale katswiri. A Chamangwana adawapeza ali mnyamata wa zaka 20. A Chimodzi adalowa m'timu ya dziko m'chaka cha 1979, Bambo Powell ali pa udindo. Onse atatu adamwera pa chitsime chimodzi.

Atabwerera kwawo, Bambo Powell adapitiriza kuphunzitsa achinyamata. M'chaka cha 1993 adatsogolera timu ya England ya anyamata osapitirira zaka 18 nitenga chikho cha ku Ulaya itagonjetsa Turkey 1-0. M'timu imeneyo mudali Paul Scholes, Gary Neville, Sol Campbell ndi Robbie Fowler, anyamata amene pambuyo pake adatchuka pa dziko lonse. Bambo Powell adamwalira m'chaka cha 2005, zaka zisanu ophunzira awo a ku Malawi asadakhale pa benchi la ku Luanda.

A Kinnah Phiri, mwini zigoli

A Kinnah Phiri adabadwa m'chaka cha 1954. Adatchuka ali ku Bata Bullets, timu ya mu Blantyre imene m'masiku amenewo inkathandizidwa ndi kampani yopanga nsapato ya Bata, ndipo ochemerera adawapatsa dzina lakuti Electric. Pakati pa 1973 ndi 1981 adasewerera dziko lino masewero 117 namwetsa zigoli 71. Kufikira lero palibe Mmalawi amene wayandikira chiwerengero chimenechi, ndipo mu Africa monse osewera amene adamwetsera maiko awo zigoli zochuluka chotere ndi owerengeka.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 a Kinnah adapita ku Swaziland, dziko limene tsopano litchedwa Eswatini, kukasewerera Manzini Wanderers, ndipo kumeneko ndi kumene adayambira ntchito yophunzitsa. Apa padali mayeso ena atsopano. Katswiri wa m'bwalo sakhala mphunzitsi chifukwa cha ukatswiri wake wokha. Chimene mwendo wake unkachita wokha osaganiza, tsopano ayenera kuchiphwanya m'zigawo, kuchifotokoza ndi pakamwa, ndi kupirira pamene mnyamata wopanda mphatso ngati yake achilephera kakhumi. Akatswiri ambiri pa dziko lapansi adagwa pa mayeso amenewa. A Kinnah adawalemba kwa zaka zambiri kutali ndi kwawo, m'matimu a ku Swaziland ndi ku South Africa, kumene adaphunzitsako Free State Stars.

Amalawi adaona kupsa kwa luso lawo m'chaka cha 2004. Timu yawo yakale ija, imene panthawiyo inkatchedwa Bakili Bullets, idalowa mu mpikisano wa CAF Champions League iwo ali mphunzitsi wake. Idatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa nifika mu ndime ya magulu, m'mene idakumana ndi matimu onga Enyimba ya ku Nigeria, imene idatenga chikhocho chaka chomwecho. Padalibe timu ya ku Malawi imene idafikapo pamenepo kale.

A Jack Chamangwana, mwala wa kumbuyo

Ngati a Kinnah adali mkondo, a Jack Chamangwana adali chishango. Adabadwa m'chaka cha 1957, ndipo ankasewera motchinga kumbuyo m'timu ya Wanderers, imene mpikisano wake ndi Bullets umagawa mzinda wa Blantyre pakati kufikira lero. Adalowa m'timu ya dziko m'chaka cha 1975 ali ndi zaka 18 zokha, naisewerera masewero 133 m'zaka khumi, nakhalaponso kaputeni wake. Kuno kumudzi ankatchedwa Africa.

M'chaka cha 1986 adapita ku Kaizer Chiefs, imodzi mwa matimu aakulu koposa ku South Africa, ndipo kumeneko adapatsidwa dzina lina, Black Stone, ndiko kuti mwala wakuda. Padangopita zaka ziwiri, eni timu adawakhulupirira kotero kuti adawapatsa udindo woiphunzitsa. Chidali chinthu chachikulu kuti mlendo wochokera ku dziko laling'ono apatsidwe timu yokhala ndi ochemerera miyandamiyanda. Pambuyo pake adaphunzitsa Flames m'zaka za 1998 ndi 1999, ndiponso Young Africans ya ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania.

Wosewera wotchinga pakati kumbuyo ali ndi mwayi umodzi umene anzake alibe: bwalo lonse limakhala kutsogolo kwake. Amaona pamene mpanda wang'ambika, amaona mnzake amene wachedwa kubwerera, ndipo ntchito yake ndi ya pakamwa monga momwe ilili ya miyendo. Munthu amene waima pamalo otere masewero 133 amakhala ataphunzira kuwerenga mpira monga ena awerengera buku, ndipo ndi maso amenewa amene a Chamangwana adabwera nawo pa benchi monga mlangizi wa za luso.

A Young Chimodzi, mlatho wa mibadwo

Wachitatu adachokera ku Lilongwe, ku timu ya Silver Strikers imene imathandizidwa ndi Reserve Bank of Malawi. A Young Chimodzi adasewerera dziko lino kuyambira 1979 kufikira 1995, masewero 159, ndipo palibe Mmalawi amene wavala malaya a Flames kochuluka kuposa iwo. Zaka 16 zimenezi zidawasandutsa mlatho, pakuti adayamba kusewera ndi mbadwo wa a Kinnah natsiriza ndi anyamata amene pa chikho cha 1978 adali ana a ku pulayimale.

M'zaka zimenezo adaona chinthu chofunika: kuti ntchito imene mlendo adaiyamba, eni dziko akhoza kuipitiriza. Bambo Powell atachoka, a Henry Moyo ndiwo adatsogolera timu pa masewero odzigulira malo ku mpikisano wa 1984 uja. M'chaka cha 1987, pansi pa a Reuben Malola, Malawi idapita ku All-Africa Games ku Nairobi nibwerako ndi mendulo ya malo achitatu itagonjetsa Cameroon 3-1. M'chaka cha 1988 chikho cha East and Central chidaseweredwanso kuno kumudzi, ndipo pa masewero otsiriza Flames idagonjetsa Zambia 3-1 m'nthawi yoonjezera. Chimenecho chidali chaka chomwe Zambia idachititsa manyazi Italy 4-0 pa masewero a Olympics ku South Korea. Zonsezi a Chimodzi adaziona ali m'kati mwa bwalo, ndipo atapachika nsapato adayamba kuphunzitsa ku Silver Strikers komweko.

Mutu umodzi susenza denga

M'chaka cha 2008 mphunzitsi wa ku England, a Stephen Constantine, adatula pansi udindo wawo ku Flames, ndipo bungwe la Football Association of Malawi lidaitana a Kinnah Phiri. A Chimodzi adakhala wachiwiri wawo, a Chamangwana mlangizi. Pa benchi limodzi padakhala Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers, matimu atatu amene ochemerera ake samwerana madzi tsiku la mpira. Padakhala womwetsa zigoli ndi otchinga zigoli. Masewero amene atatuwa adasewerera dziko lawo akaphatikizidwa amakwana 409. Mnyamata aliyense wolowa m'kampu ankadziwa kuti palibe chimene angakumane nacho m'bwalo chimene akuluakuluwo sadachilawepo.

Ntchito ya benchi njogawana. Mphunzitsi wamkulu ndiye amasankha osewera 11, nakonza kaseweredwe, naima pamaso pa atolankhani zinthu zikavuta. Wachiwiri wake amayendetsa zokonzekera za tsiku ndi tsiku ndipo amamva madandaulo amene wosewera sangayerekeze kuwatula kwa wamkulu. Mlangizi amayang'ana patali, nasanthula kaseweredwe ka adani ndi ka timu yake yomwe. Atatu akamakokerana, osewera amazindikira msanga ndipo kampu imagawikana. Akamvana, mawu a mmodzi amalemera ngati a onse.

Masewero oyamba adali a pa 31 Meyi 2008, pamene Flames idathira Djibouti zigoli 8-1 mu Blantyre. Pa 14 Juni kudabwera Egypt, imene miyezi inayi yokha m'mbuyomo idatenga chikho cha Africa ku Ghana. Masewero ali pafupi kutha opanda chigoli, Chiukepo Msowoya adamwetsa, ndipo akatswiri a Africa adagonja 1-0 pa Kamuzu Stadium. M'mwezi wa Okutobala Flames idagonjetsa Democratic Republic of Congo 2-1 nilowa mu ndime yotsiriza yodzigulira malo, m'gulu limodzi ndi Ivory Coast, Burkina Faso ndi Guinea.

Apa njira idayamba kukwera phiri. Pa 29 Malichi 2009 ku Abidjan, tsiku lachisoni limene anthu osachepera 19 adafa mopondana pa chipata cha bwalo masewero asadayambe, Malawi idagonja 5-0. Idagonjanso kwa Burkina Faso pakhomo pomwe, ndiponso ku Guinea. Masewero atatu adapita opanda pointi ndi imodzi yomwe. Nthawi zambiri m'mbiri ya mpira apa ndi pamene mphunzitsi amauzidwa kuti alongedze katundu, koma benchi la atatuli lidasiyidwa kuti litsirize ntchito yake. M'mwezi wa Sepitembala Flames idagonjetsa Guinea 2-1 mu Blantyre. Pa 10 Okutobala kudabwera Ivory Coast. Jacob Ngwira adamwetsa, koma Didier Drogba adabweza, ndipo masewero adathera 1-1. Mapointi anayi amenewo adakwanira kuika Malawi pa malo achitatu, pamwamba pa Guinea, ndipo khomo la ku Angola lidatseguka.

Masana a ku Luanda

Algeria idafika ku Luanda ili ndi tikiti ya World Cup m'thumba, itangogonjetsa Egypt pa masewero opatula ku Sudan m'mwezi wa Novembala 2009. Ochepa adaiwerengera Malawi. Masewerowo adachitika masana, dzuwa likuswa mtengo, m'bwalo latsopano la 11 de Novembro limene mipando yake yambiri idali yopanda anthu. Kaputeni wa Flames adali Peter Mponda, ndipo pagolo padali Swadick Sanudi.

Pa mphindi ya 17 goloboyi wa Algeria adasokonezana ndi mnzake wotchinga kumbuyo, ndipo Russel Mwafulirwa sadachite ulesi. Chigawo choyamba chisadathe Elvis Kafoteka adaonjezera chachiwiri ndi mutu. Atangobwera kopuma, Davi Banda adamwetsa chachitatu. Kumeneko kudali kupambana koyamba kwa Malawi m'mbiri ya ndime yotsiriza ya mpikisanowo. Kukula kwake kumaoneka bwino munthu akakumbukira kuti Algeria yomweyo idafika mu ndime ya matimu anayi ku Angola komweko, ndipo m'mwezi wa Juni idalepherana mphamvu ndi England 0-0 pa World Cup ku South Africa.

Chisangalalo sichidakhalitse. Flames idagonja 2-0 kwa eni bwalo, Angola, kenaka 3-1 kwa Mali, nibwerera kumudzi ndi mapointi atatu. Komabe ana a sukulu amene adaunjikana pa mawailesi tsiku lija, kuyambira ku Chitipa kufikira ku Nsanje, adamva ndi makutu awo chinthu chimene makolo awo ankangochilota.

Malipiro a mphunzitsi

Mpira suchedwa kuiwala. Flames idalephera kupita ku mpikisano wa 2012, ndipo pofuna malo a ku mpikisano wa 2013 idagonja kawiri kwa Ghana, 2-0 ku Accra ndi 1-0 ku Lilongwe. M'mwezi wa Januwale 2013 onse atatu adachotsedwa ntchito pamodzi. A Kinnah adapitiriza kuphunzitsa kunja, ku South Africa ndi ku Mbeya City m'dziko la Tanzania. M'chaka cha 2014 a Chimodzi adaitanidwanso, ulendo uno monga mphunzitsi wamkulu, a Chamangwana ali wachiwiri wawo, koma pofika pakati pa 2015 ntchitoyo idawatheranso. A Chamangwana adamwalira mu Blantyre m'mwezi wa Meyi 2018 ali ndi zaka 61.

Padapita zaka 12 kuchokera pa masana a ku Luanda kuti Malawi ionekenso pa mpikisano wa Africa. Amene adaipezera malo adali Mmalawi wina, a Meck Mwase, pamene Flames idagonjetsa Uganda 1-0 m'mwezi wa Malichi 2021. Ku Cameroon mu Januwale 2022, a Mwase akugwira ntchito ndi a Mario Marinica a ku Romania, timuyo idagonjetsa Zimbabwe 2-1, nilepherana ndi Senegal 0-0, nifika kwa nthawi yoyamba mu ndime ya matimu 16, m'mene idagonja 2-1 kwa Morocco. Maulendo onse atatu, wa 1984, wa 2010 ndi wa 2022, khomo adalitsegula ndi aphunzitsi obadwira m'dziko momwe muno.

Ndipo mzere sudaduke. Peter Mponda, kaputeni wa ku Luanda uja, naye adasanduka mphunzitsi, ndipo m'chaka cha 2024 adatsogolera Silver Strikers kutenga chikho cha ligi yaikulu ya dziko lino. Bambo Powell adaphunzitsa a Kinnah, a Chimodzi ndi a Chamangwana. Atatuwo adaphunzitsa a Mponda. A Mponda nawo ali ndi ophunzira awo. Mikangano ya kuchotsedwa ntchito idazirala kale, koma mibadwo inayi imeneyi ikuoneka ndi maso.

Kubwerera kutsidya kwa Shire

Chigwa cha Shire si chachilendo ku mpira waukulu. Ku Nchalo, m'boma la Chikwawa, kuli bwalo la Kalulu Stadium, ndipo timu ya Sucoma ya pa munda wa nzimbe idasewerapo mu ligi yaikulu. Koma kuchokera kwa Nyachikadza kukafika ku Nchalo ndi ulendo wa bwato ndi galimoto, ndipo kukafika ku Chiwembe mu Limbe, kumene kuli likulu la mpira wa dziko lino, ndi kutali koposa. Mphunzitsi wa Flames sangawoloke Shire kukafuna mwana amene palibe adamuuza za iye. Munthu woyamba kuona kuti mnyamata uyu amamenya mpira ndi miyendo yonse iwiri, kapena kuti mtsikana uja ali ndi liwiro loposa anyamata, ndi mphunzitsi wa pa sukulu ya pulayimale, uja amene amapatsidwa udindo wa zamasewero pamwamba pa makalasi ake, kawirikawiri popanda mpira weniweni ngakhale umodzi.

Mphunzitsi wotere ali ndi chinthu chimene Bambo Powell adali nacho ndipo aphunzitsi ambiri a matimu aakulu amachisowa, ndicho nthawi. Mwana amakhala m'manja mwake zaka zingapo. Kuimitsa mpira, kupatsira mnzake, kudzutsa mutu asadamenye, kusunga nthawi, kulandira chigamulo cha woyimbira ngakhale chikuwawa: zonsezi zimaphunzitsika ndi mpira wachikulunga pa bwalo la mchenga. M'mera mpoyamba. Chimene mwana sadachiphunzire ali ndi zaka 10, mphunzitsi wa timu ya dziko amavutika nacho mwanayo ali ndi zaka 25.

Kwa wachinyamata amene watsiriza sukulu, mbiri ya atatu aja ili ndi masamu osavuta. A Kinnah adasewerera dziko lawo zaka 8, koma adakhala pa benchi zaka zoposa 30. Miyendo imatha msanga, ndipo chotsala ndi mutu. Masiku ano munthu saloledwa kuphunzitsa timu ya mu ligi yaikulu popanda chiphaso, ndipo ziphaso za bungwe la mpira mu Africa, za magiredi C, B ndi A, zimafuna munthu wokhoza kuwerenga malamulo, kulemba ndondomeko ya zokonzekera ndi kuima pamaso pa anzake nkufotokoza. Kope ndi cholembera zimene wina adazitaya tsiku lotsiriza mayeso, pa ntchito imeneyi zimafunikanso.

Chaka chilichonse Shire amadzaza ndipo chaka chilichonse amaphwera. Akaphwera, anyamata a kwa Nyachikadza adzazikanso mitengo yawo inayi, monga adachitira akulu awo. Mpira adzaumanga okha, matimu adzagawana okha, maina a akatswiri adzawatenga pa wailesi. Chimene sangadzipatse okha ndi munthu wamkulu woima m'mbali mwa bwalo, wowadziwa maina mmodzimmodzi, amene mawa adzabweranso.